Chitenje choberekera Tiyezge

Monile mwana wanga Mwiza,

Kuno ku Magodi tilipo, chifuwa chija chinatha.

Tsiku lomaliza lija asanamwalire, amayi ako anakhala pakhonde, akupinda chitenje choberekera khanda lako.

Unandifotokozera za kusukulu ya unamwino, kuti maselo a mu ubongo wa khanda ali ndi timakomo tolandira uthenga wobwera ndi mankhwala a m'thupi otchedwa glutameti, ndipo mawu omveka kawirikawiri ndiwo amakhazikika. Ndiye kuti mwana wako Tiyezge akusunga mawu a apongozi ako, amene amamunyamula tsiku lililonse. Ine sandidziwa. Sindibisa, ndikuwachitira nsanje.

Pogawa zovala za malemu amayi ako, azakhali ako anafuna chitenjecho, koma ndinakana. Ndachitumiza pa basi ya ku Lusaka. Uzimuberekera, ndipo ndikaimba foni uziyiika pakhutu pake.

Mulungu akusungeni,
Atate ako