Mpando Wakumbuyo wa Kagalimoto Kofiira

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ndikudziwa funso limene mungayambire: kodi ana anga akumvana? Sindikunamizani, sitikumvana, ndipo ndikulemba kalatayi mtima ukuwira.

Ndiyambe ndi zabwino, poti simunkakonda munthu wofika ndi madandaulo asanapereke moni. Mpunga wa m'munda mwanu wa kudambo unabereka bwino chaka chino, mbalame sizinatilande wambiri. Matemba ayambanso kuoneka pa Kachulu. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, koma tinafoleranso. Ndipo Chrissy, mwana wanu womaliza, ndi woyembekezera. Kusikelo akuti ndi mu Febuluwale, komanso akuti magazi ake akuthamanga, ndiye ayenera kukachirira kuchipatala chachikulu ku Zomba. Adzapita msanga kuchidikiro, inde, koma vuto lotere silidikira tsiku limene anthu apangana. Febuluwale, amayi. Mukuudziwa msewu wathu mwezi umenewo.

N'chifukwa chake titakolola tinagwirizana mbumba yonse kuti tigulitse mpungawo, tigule kagalimoto kakang'ono kogwirapo kale ntchito. Achimwene a Felix, monga mwini mbumba, anapita ku Zomba kukafufuza. Anapeza ziwiri zolingana ndi thumba lathu, yofiira ndi yoyera. Anayesa yofiirayo pa tala m'tauni, awiriwiri ndi wogulitsa, n'kubwera kuno mtima utagwa kale.

Ine ndinakumbukira mmene munkagulira dengu pamsika. Munkathiramo kaye mpunga wanu, n'kulisenza, n'kuyenda nalo uku wogulitsa akung'ung'udza. Munkati, "Lopanda kanthu lililonse ndi labwino." Ndiye ndinaumirira kuti wogulitsayo abweretse galimoto zonse ziwiri kumudzi.

Ndisainamizire yofiirayo. Siimwa mafuta ambiri, injini yake imalira mwaulemu, mipando ndi yoyera ngati sinakhalidwepo. Ili ndi kawailesi kakanema kolankhula Chijapani, ndipo ana anaizungulira mpaka kuiwala kudya. Kukanakhala kuti timakhala m'tauni, ndikanaombera m'manja.

Koma ine ndinagwada n'kusuzumira kunsi. Amayi, botolo la zakumwa loimika silingalowe pansi pake. Galimoto ikakhala yotsika chonchi, matayala amalowa m'mikwasa ya malole a nsomba, mimba yake n'kukhala pa mtumbira wapakati, matayala n'kumangozungulira m'malere. Ndinatsekula kumbuyo kufuna tayala la sipeya. Mulibe. Muli kabotolo ka guluu ndi kapope. Wogulitsa anati, "Madamu, zamakono ndi zimenezi." Ndinamufunsa ngati guluuyo amasoka tayala long'ambika ndi mwala. Anayamba kupukuta galasi.

Kenako tinaithira katundu wathu. Kumbuyo tinakhala ine, Chrissy ndi amayi aang'ono a Rhoda, mng'ono wanu, amene thupi silinawachoke. Tinaikamo ndi matumba awiri a mpunga. Titafika pakhwawa paja msewu umatsikira kumtsinje, tinamva kunsi kuti khwee! Amayi aang'ono anakuwa, "Felix, iyi ndi galimoto kapena khasu? Ikupalira msewu!" Chrissy anaseka atagwira mimba. Ine sindinaseke. Uno ndi Okutobala, makande auma gwaa ngati simenti. Nanga mvula ikadzawafewetsa?

Yoyerayo ndi yakale, ndi yokalikakalika, chitseko chimodzi chimafuna kuchimenya kuti chitsekeke, ndipo imamwa mafuta ochulukirapo pang'ono. Koma ndi yokwera, ili ndi sipeya ndi jeke, zipangizo zake zimapezeka ku Zomba komweko, ndipo mpando wakumbuyo umapindika n'kukhala ngati bedi, munthu n'kugona motambasuka. Pakhwawa paja inadutsa osakhudza pansi, amayi aang'ono ali momwemo.

Ndinawafotokozera achimwene zonsezi modekha, chimodzichimodzi. Mwina ndinatalikitsa, paja inunso munkandiseka kuti, "Aphunzitsi, fupikitsani, belu lalira." Koma mukudziwa chimene anandiyankha, pamaso pa mlendo? Anati, "Alongo, inu munazolowera choko, za galimoto tisiyireni amuna. Yoyerayo anthu adzati ndi ya ogulitsa nsomba."

Anthu adzati! Anthu ake ati? Omwe aja anaima m'mbali mwa khwawa atapinda manja tsiku lija?

Pepani amayi, ndikukumbutseni zimene sindinafune kukumbutsa. Tsiku limene munadwalika tinachita hayala kagalimoto kotsika ngati komweka. Munagona kumbuyo mutu uli pamiyendo panga, mawondo atapindika chifukwa mpando unali waufupi. Tinatitimira pakhwawa pomwe paja. Anyamata anakankha, anaika mapesi ndi miyala, nthawi inapita ife tili pomwepo. Simunadandaule za ululu wa pamtima. Munangoti, "Agnes, tandiwongola miyendo." Ndinalephera, amayi. Kuti ndikuwongoleni ndikanatsekula chitseko, ndipo kunja kunali mvula. Tinafika ku Zomba mutasiya kale kuyankhula.

Achimwene anali ku Blantyre tsiku limenelo. Anakupezani pabedi la kuchipatala mutafunditsidwa bwinobwino, miyendo ili yowongoka. Sindiwaimba mlandu kuti kunalibe, anali kuntchito. Chimene chikundipsetsa mtima n'chakuti ndawauza nkhani imeneyi, amaidziwa, koma kawailesi ka Chijapani kawatseka makutu. Akuona mmene adzatsikire kutchalitchi Lamulungu. Ine ndikuona Chrissy atapinda mawondo pakhwawa, mwana ali panjira. Mpungawo ndi wa m'munda mwanu. Inu munaponda matope a kudambo mpaka zidendene kung'ambika, lero thukuta lanu ligule chinthu choopa matope?

Wogulitsa abweranso Loweruka ndi galimoto zonse ziwiri kuti timalize. Sindikangana nawonso achimwene, ndipo sindiwachititsa manyazi, ndi akulu anga. Ndingowapempha chinthu chimodzi, amayi aang'ono ali pomwepo: asakhale kutsogolo. Agone kumbuyo kwa yofiirayo, zitseko titseke, mutu autsamiritse pamiyendo panga, wogulitsa ayendetse mpaka pakhwawa. Akatero agonenso m'yoyerayo. Akadzuka n'kunenabe kuti yofiira, gawo langa ndi la Chrissy la ndalama za mpunga silituluka m'nyumba muno, ngakhale andinene kwa amfumu.

Inu ndiye mumawatha achimwene, kuyambira ali mwana. Ngati kumeneko amalola, Loweruka mubwere mudzakwere nafe. Mudzayese nokha mipando yonse iwiri, kenako mukawanong'oneze kutulo zimene mwapeza. Ine akuti ndine wa choko, koma inu sangakuyankheni choncho.

Chrissy akuti akadzakhala wamkazi adzamutcha dzina lanu. Ndimakukondani, amayi, ndipo ndikulonjeza kuti mwana wanu adzadutsa pakhwawa paja miyendo ili yowongoka.

Ndine mwana wanu,
Agnes