Amene Anandisungira Makina

Lachisanu, 4 Malichi 2005

Fakitale yatsekedwa. Basi. Tafika m'mawa, pageti loko watsopano, azibambo awiri a masuti ataima ngati pamaliro. Akuti kampani yagwa. Masitolo amene timawasokera majekete tsopano akuitanitsa ku China, jekete lathunthu pamtengo wa mkono umodzi wosokedwa ndi ife. Mwini fakitale sanaoneke n'komwe. Wangotuma a Biswick, akapitawo athu, munthu wakwathu ku Dowa, kuti atiuze. Maso pansi ngati akuba ndi iwo.

Zaka zisanu ndi ziwiri pamakina a pawindo aja. Sanandilole ngakhale kulowa kukatenga sizasi yanga.

Mwana wanga Daisy sindinamuuze. Mayeso ake ali pafupi.

Lolemba, 7 Malichi

Mtima pansi pang'ono. Akuti kampani ikagwa chonchi, boma ndilo limalipira redundancy, ndalama ya ochotsedwa ntchito, bola unagwira zaka ziwiri osadukiza. Ine zisanu ndi ziwiri! Mapepala anga okhalira m'dziko la eni lino ali bwinobwino. Ndalamayo ikangobwera, nyumba ino sitichokamo mpaka Daisy alembe.

Landilodi akuti kumapeto kwa Epulo ngati palibe chogwirika, tione kwina. Kwina kuti? Ndapondaponda Wembley yonse kufuna ntchito, kosoka kulibenso. Mapazi moto.

Lachinayi, 10 Malichi

Foni yochokera kuofesi ya boma yoona za malipirowa. Akuti ine ndinayamba ntchito Febuluwale 2004, zaka ziwiri sizinakwane. Ndaseka kaye. Kenako ndakhala pansi.

Ndi maliro a bambo aja. Novembala 2003. Ndinkati ndikaika, ndidikire m'meto, ndibwerere. Koma titangometa, azibale awo a bambo nkuyamba kulanda malata ndi dimba, amayi akulira pakhonde. Ndikanawasiya? Miyezi itatu ndili kubwalo la milandu. Ponyamuka kupita kumaliroko mwini fakitale anandipatsa P45, kapepala kosiyira ntchito kaja, a Biswick nkuti, "Ndi zamabuku chabe izi mayi, makina anu akudikirani." Ine nkukhulupirira. Tsopano akuti ndinasiya ntchito, zaka zonse zam'mbuyo zinafafanizika.

Kukaika bambo wanga kwasanduka kusiya ntchito. Koma dziko ili!

Lolemba, 14 Malichi

Kumalo opereka uphungu waulere. Mzere wake! Wandithandiza mayi wina, dzina Stephanie, wodekha. Akuti mpata ulipo. Ndikaonetsa kuti fakitale inkaona kuti malo ndi angabe, kuti wina anangondigwirizira, zaka zonse ziwerengedwa. Anafunsa mosavuta, ngati akufunsa njira: "Ndani anali pamakina anu miyezi imeneyo?"

Ndati ndaiwala.

Sindinaiwale. Lizzie. Mwana wa amayi aang'ono, mng'ono wanga. Tinachita monga timachitira kwathu pamsika, mnzako akapita kumaliro umamukhalira pabenchi kuti malo asalowe wina. Lizzie anakhala pampando wanga miyezi itatu, akumulipira pamanja. Khrisimasi yonse akusoka makolala, usiku akugona ndi Daisy. Viza yake inali itatha kale. Mpaka lero alibe mapepala. Ndikatchula dzina lake, lilowa m'makompyuta a boma. Stephanie akuti sangalonjeze kuti a imigireshoni sadzaliona.

Khoswe wapadenga anaulula wapadzala. Ine ndikhale khoswe ameneyo?

Lachitatu, 16 Malichi

Kwa a Biswick. Andilandira bwino, tiyi, buledi, akazi awo a Eliza pompo pampando, makutu tcheru. Ndawapempha akachitire umboni kuti malo anali anga, osatchula munthu. Akana. "Akandifunsa ine sindinama mayi, ndili ndi ana obadwira muno." Akuti umboni wopanda dzina ndi mphepo, boma lifuna kudziwa anasoka ndani. Ndiye mantha awo enieni: anamulemba Lizzie ndi iwo, akudziwa kuti alibe mapepala.

Ndawayankha mokalipa, ndikuvomera. Ndati pondiuza kuti ndi zamabuku chabe, ana obadwira munowo kunalibe? A Eliza nkutsokomola. Ndatuluka tiyi osamaliza.

M'sitima mutu waukulu. Chakudya chamadzulo sichinalowe.

Lachisanu, 18 Malichi

Daisy wadziwa. Wandipeza masana ndili m'nyumba, ndavala chitenje. Ndamulankhula Chichewa, iye kuyankha Chingerezi monga mwa nthawi zonse, kuti ngati tisamuka asintha sukulu kapena ayi. Ndati sitisamuka. Ndanena ngati ndikudziwa.

Ndafunsira zoyeretsa m'maofesi. Akuti adzaimba. Onse amati adzaimba.

Aboma aimbanso: Lachinayi likubwerali andifunsa komaliza pafoni, kenako agamula.

Lamulungu, 20 Malichi

Kutchalitchi ku Peckham, kanjedza m'manja. Nyimbo sizinalowe. Potuluka mayi wina amene sindicheza naye wandigwira dzanja, "Pepanitu ndi nkhani ya Lizzie." Nkhani iti? A Eliza! Pakamwa ngati chitseko chopanda loko. Mpingo wonse wadziwa kuti ndikufuna kugulitsa mng'ono wanga kuboma. Ine amene sindinatsegule pakamwa!

Lizzie anali kumbuyo, atangoweruka kosamalira nkhalamba ku Greenwich, maso ofiira. Wandipatsa moni, "Mwaswera asisi," nkundipatsa kathumba ka mtedza kuti ndikamupatse Daisy. Ndimati ndimukokere pambali, basi yake nkufika. Anakwera osacheuka. Kapena anacheuka, sindikudziwa, ndinali kulimbana ndi misozi.

Ndamuimbira madzulo. Foni kungolira.

Lachiwiri, 22 Malichi

Tulo palibe. Mbali iyi Daisy ndi mabuku ake patebulo lakukhitchini. Mbali iyo Lizzie, amene amadyetsa amayi ake ndi ana a malemu mlongo wake kumudzi. A imigireshoni akamukweza ndege, onsewo agwa naye. Nanga ine ndikadzapita kwathu, amayi aang'ono ndidzawayang'ana ndi maso ati?

Koma zaka zanga! Msana uwu unapindikira pamakina amenewo. Ndikupempha za munthu ine? Ndi thukuta langa. Mkwiyo ukundigwira ngakhale pa Lizzie yemwe, Mulungu andikhululukire. Bwanji sanakonze mapepala ake nthawi yonseyi? Ngati kuti amakonzera pamsika.

Landilodi wadutsa, akuti amangoona paipi. Paipi ilibe vuto.

Lachinayi, 24 Malichi

Aimba. Bambo waulemu wake, mawu ofewa. Dzina, tsiku lobadwa, zamaliro, anapepesa. Kenako funso lija. Ndinaima pawindo.

Ndati panalibe munthu. Makina anangokhala ovundikira mpaka ndinabwera.

Anafunsanso kachiwiri ngati ndikutsimikiza, kuti zimene ndanenazi akulemba. Ndati lembani. Ndiye akuti zikatero n'zovuta, yankho lake ndikhoza kulidziwa ndekha.

Ndinaika foni pansi. Kenako kupepuka kwachilendo, ngati ndatula mtolo. Nyumba yapita, ndikudziwa. Tikapanikizana m'kachipinda kwinakwake, Daisy azikwera mabasi awiri. Chibale ndi fupa. Loweruka ndipita ndikamuuze Lizzie ndi pakamwa panga kuti agone tulo, asamvere za a Eliza.

Loweruka, 26 Malichi

Peckham. Ndagogoda kwa Lizzie, watsegula mayi wa ku Zambia amene amamuchititsa lendi. Chipinda mbee. Matiresi oimika kukhoma, mahang'ala okhaokha. Akuti anachoka Lachitatu m'mamawa ndi zikwama ziwiri. Ntchito ya ku Greenwich wasiya, nambala ya foni wataya. Kumene wapita sananene, akuti kuti ine ndisakhale ndi choti ndibise.

Anangosiya mawu apakamwa. Mayiyo wandiuza kawiri chifukwa koyamba sindinamve: "Mukawauze asisi anditchule kubomako, asaope. Sandipeza. Daisy alembe mayeso ali m'nyumba mwake."

Lachitatu. Ine nkuyankha Lachinayi kuti panalibe munthu.

Ndakhala pamasitepe a eni ake, mayiyo wandipatsa madzi. Mwana wopusa iwe. Wopusa! Ukanangoyankha foni. Tsopano uli kuti, mzinda uti, kuzizira konseku, ukugona pa chiyani?

Maofesi atseka mpaka Lachiwiri, Pasaka. Ndikawaimbira ndikati chiyani, kuti ndinanama? Ndipo amayi aang'ono amaimba Lamulungu lililonse kufunsa mwana wawo. Mawa ndi Lamulungu.