Dzina Lako Lili Kale Pantchito

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi ana. Nanga amayi akupeza bwanji? Chilonda cha pamsana chija chinapola? Ine kuno ndili bwino, kungoti chiuno chikundiwawa chifukwa chonyamula madala amene ndimawasamalira. Ndi olemera, ndipo amaluma ndikamawasambitsa.

Za lamulo latsopano zimene unamvazo ndi zoona. Tsopano munthu saloledwa kusamalira odwala m'nyumba za anthu asanaphunzire miyezi isanu ndi umodzi, kulemba mayeso ndi kulowa m'kaundula wa boma. Akakupeza ulibe chiphaso amakutulutsa tsiku lomwelo. Mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, amene wasamalira odwala zaka khumi ndi ziwiri, anamutulutsa beseni lili m'manja. Ine ndinkaonera pawindo, chiphaso changa chili pakhosi.

Ukudabwa kuti ndinachipeza bwanji, poti polembetsa amafuna setifiketi ya sekondale ndipo ine sukulu ndinaisiyira panjira. Khala pansi. Envelopu ya khaki ija inasowa m'sutikesi ya amayi pa maliro a bambo sinadyedwe ndi chiswe, ndipo mwamuna wako sanaitaye, unangomulalatira chabe. Ndinatenga ndine. Setifiketi yakoyo inagona zaka zisanu ndi zitatu pansi pa nsalu zakale, iwe uli kalikiliki kubereka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Choncho chiphaso chili ndi nkhope yanga koma dzina ndi lako. Sabata yatha kunabwera mayi woyendera wochokera ku boma. Anaona mmene ndimatembenuzira madala pabedi, mmene ndimasambira m'manja, anatsegulanso kabuku kamene ndimalembamo nthawi ya mankhwala. Kenaka anaitana dzina lako, ine n'kuyankha osaphethira n'komwe. Mwana wamkazi wa madala anamuuza kuti chiyambire sanaonepo wantchito waukhondo ngati ine. Unayamikiridwa kwambiri tsiku limenelo, mng'ono wanga, uli kumeneko ukuchapa zofunda za mikodzo.

Tsono m'kalata yako ukuti ukufuna kubwera kudzaphunzira ntchitoyi, poti zaka zinayi zosamalira amayi zakuphunzitsa zambiri. Ukutinso wapempha kusukulu kuti akupatse setifiketi ina. Ndinaseka mpaka madala anadzidzimuka. Ndinafunsa kalaliki wa kumalo olembetsera ngati ndikufunsira munthu wina. Iye anati dzina limodzi ndi nambala imodzi zimalowa m'kaundula kamodzi kokha, ndipo zikabweranso kachiwiri amaitana onse awiri pamodzi ndi apolisi. Zikadzafika pamenepo ndidzanena kuti unandigulitsa wekha pepalalo. Uganize bwino kuti adzakhulupirira ndani, wa yunifolomu yoyera kapena iwe.

Usandione ngati mfiti. Pamene amayi anandiletsa sukulu kuti ndizikulera iwe akapita kuntchito, palibe anandifunsa. Ndinakubereka kumbuyo mpaka unayamba kuyenda, ndinakuchapira yunifolomu mpaka unamaliza. Setifiketi imeneyo tinaivutikira awiri. Sindikumva chisoni, ndipo sindinama kuti ndikumva.

Pempho langa ndi limodzi. Pita kusukulu kuja ukawauze kuti pepala lija walipeza, asalembenso lina. Ukatero ukhale pomwepo. Ukachoka, amayi adzawatembenuza ndani? Lamuloli silikhudza munthu wosamalira mayi ake omubereka, ndiye iwe chiphaso n'chachiyani?

Ndatumiza magolovesi bokosi limodzi ndi mafuta opaka pachilonda. Amayi uziwatembenuza pakapita maola awiri alionse, osati pamene wakumbukira, ndipo usamawakoke m'khwapa monga ndinakuonera. Kusukulu kumene ndinaphunzira ntchitoyi, wochita zimenezo amalephera mayeso.

Upereke moni kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Alamu anga uwapepese pa za envelopu zija, anatukwanidwa osalakwa. Amayi uwauze kuti mwana wawo amene anamuphunzitsa uja ali pantchito yabwino m'tauni, sukhala ukunama. Zinazi usawauze. Mtima wawo ndi wofooka, ndipo chikachitika china udzakhala wawapha ndiwe.

Tsala bwino.

Ndine mkulu wako,
amene kuno amandiitana dzina lako.