Nkhani ya Esteri Yoyenda Chafutambuyo

Lolemba, 3 Juni 2024
Miyezi inayi chimwalirire mkazi wanga Esteri. A Yakobo, malume ake, abwera m'mawa. Mwambo wondisudzula akuti pa 22. Ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi ndi lakwawo.

Ndayamba kulemba nkhani yathu, chafutambuyo. Mutu woyamba maliro: adzukulu akufukula manda, anthu akubwerera nalo bokosi kunyumba. Pomatha nkhaniyi Esteri adzakhala ali moyo. Ndiimalize ndisanatuluke m'nyumba muno.

Lachinayi, 6 Juni
Chiperoni tsiku lonse, phiri osaoneka. Mutu wa kuchipatala. Anamwino akumuchotsa madiripi, chifuwa chikuchepa, tsiku lililonse akunenepa. Ndaseka ndekha ngati wamisala. Kenako ndalira mpaka tiyi wazizira.

Lamulungu, 9 Juni
Ndawawerengera a Margret, mphunzitsi mnzanga, titatuluka m'tchalitchi. Amvetsera mpaka kumapeto. Akuti, "Bambo a Sharon, nkhani siyenda chonchi. Owerenga asokonezeka." Owerenga ake ati? Ine sindikulemba mayeso.

Loweruka, 15 Juni
Wachira! Ali kuesiteti, dengu kumsana, akubwezera masamba a tiyi m'mitengo. Madzulo akundiseka kuti ndimagwira khasu ngati choko.

Koma lero zandivuta. Mwana wathu Sharon wakhala akuchepa mutu ndi mutu, lero wabwerera m'mimba. Zimenezi sindinaziganizire. Nyumba nayo ndikuigumula ndekha, njerwa imodziimodzi. Ndatseka kope, ndapita kukamuyang'ana Sharon akutsuka mbale kuseri. Wandifunsa ngati ndikudwala.

Lachisanu, 21 Juni
Katundu ndamanga. Chikwama chimodzi, mabuku m'katoni. Sharon atsala ndi amayi ake aang'ono. Akuti ndizibwera kudzamuona, khomo ndi lotsekula.

Mutu wotsiriza ndalemba masana. Pasiteji ya Chitakale, pomwe tinakumana koyamba zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Esteri ali moyo ndithu, wakhala pabenchi, wavala diresi lachikasu lija, akusenda nzimbe ndi mano. Moni wanga ukubwerera m'kamwa mwanga. Akundiyang'ana ngati munthu wodutsa. Ine ndikukwera minibasi chafutambuyo, chikwama chimodzi m'manja, kubwerera kwathu ku Muloza.

Ndimati ndimupulumutse. Ndamutaya kawiri, kachiwirika ndi dzanja langa.

Mtima ukuwawa. Mawa minibasi ndikakwerera pa Chitakale pomwepo, ndipo pabenchi paja Esteri sadzakhalapo.