Kabokosi ka Zibowo Zinayi

Torino, 9 Febuluwale

Kwa mng'ono wanga Spiro,

Ine Vangjel Dhimaj, mkulu wako, mwana woyamba wa malemu Thanas, amene kale ndinkaphunzitsa nyimbo kwathu ku Vlora ndipo lero ndimatchuna mapiyano m'nyumba za anthu olemera a mumzinda wa dziko la eni uno, ndikukulembera patapita zaka zisanu ndi zinayi tisakulankhulana. Ndikufuna kukudziwitsa za thanzi langa ndi za kabokosi kena kamene kandisowetsa mtendere, kenaka ndikupemphe chinthu chimodzi.

Poyamba landira moni. Uli bwanji iwe pamodzi ndi mlamu wanga Polikseni? Azakhali anandilembera kuti bondo linakuvuta nthawi yokolola azitona. Ndikhulupirira kuti unapita kuchipatala, ngakhale ndikudziwa kuti mankhwala ako ndi kutukwana bondolo.

Kuno kukuzizira, ndipo chifunga cha kumtsinje sichichoka mpaka masana. Ndimakhala ndekha m'chipinda chapamwamba. Lamlungu ndimatha kulowetsa dzuwa osatsegula pakamwa, kupatula pomwa khofi.

Dokotala wapeza chotupa pakholingo panga, ndipo adzandichita opaleshoni pa 6 Meyi. Akuti kulankhula ndidzalankhula, koma za kuimba wakana kulonjeza. Sindikulemba zimenezi kuti undimvere chisoni, pakuti chisoni sindinachipemphepo kwa munthu. Nkhawa yanga ili pa nyimbo khumi ndi imodzi za bambo, zimene mawu ake onse ndi katsogoleredwe kake ndatsala nazo ine ndekha. Ndinazilemba papepala kalekale, koma pepala siliimba. Choncho ndinaganiza zozijambula pa kompyuta mawu anga asanandithawe.

Ndinapita kusitolo kumene ndimagula mawaya a piyano. Mwini wake ndi mayi Ornella, munthu wa msinkhu wathu, wodziwa ntchito yake koma wa pakamwa pakuthwa. Anandifotokozera kuti pakati pa maikolofoni ndi kompyuta pamafunika kabokosi kolandira mawu, kuwakweza ndi kuwapereka ali oyera. Anandiyalira timabokosi titatu pathebulo: kena ka chibowo chimodzi cholowetsa maikolofoni, kena ka ziwiri, kena ka zinayi. Anati ndisavutike ndi manambala olembedwa pakatoni, chifukwa onsewo amajambula bwino kuposa mmene makutu a nkhalamba angasiyanitsire. Funso lenileni, anatero, ndi lakuti adzaimba anthu angati nthawi imodzi.

Ndinayankha kuti mmodzi.

"Ndiye ka zibowo zinayiko mukukayang'aniranji, a profesa? Zitatu zotsalazo muziikamo maluwa?"

Sindinaseke. Ndinamuuza kuti nyimbo zathu zimafuna wotsogolera, wobweza amene amamuyankha, woponya mawu achitatu pamwamba pa awiriwo, ndi amuna ogwira chimene timachitcha iso, mawu apansi aja amene saduka kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Iye anati zimenezo n'zosavuta masiku ano: munthu amajambula mbali imodzi, n'kuimvetsera m'mahedifoni, n'kuimba ina pamwamba pake, mpaka kwaya itakwana. Anandibwereka ka chibowo chimodzi kwa masabata awiri kuti ndiyese.

Tsiku loyamba mawu anga ankandibwerera m'makutu mochedwa pang'ono, ngati pali wina kumbuyo amene akundiyeseza monyoza. Ndinabwerera kusitolo n'kunena mwaulemu koma mosabisa kuti andipatsa chinthu chowonongeka. Mayiyo anadina kabatani kamodzi kamene kamatumiza mawu m'makutu asanadzere mu kompyuta, ndipo vuto linathera pomwepo. Anati zaka makumi anayi ndawerenga manotsi a akatswiri onse, koma batani limodzi landigwetsa chagada. Ndinalandira chipongwecho chifukwa chinali choona.

Kenaka ndinagwira ntchito monga ndinaphunzirira. Ndinatenga nyimbo ija ya mbusa wotsika kuphiri chipale chofewa chitayamba kugwa. Ndinaitsogolera, ndinaibweza, ndinaiponya, ndipo iso ndinaijambula kanayi kuti imveke ngati amuna anayi. Panalibe noti imodzi yolakwika. Koma pomvetsera ndinapeza kuti iso ikuduka. Amuna anayi aja ankapumira pamalo amodzi, chifukwa onse anali ndi chifuwa chimodzi, changa. Kwathu, monga udziwa, wina akamakoka mpweya mnzake amakhala atagwira, ndipo palibe amene amauza mnzake nthawi yopuma. Ndakhala ndikuimva iso kuyambira ndili kumsana kwa amayi, koma chimenechi sindinachiganizirepo.

Ndinakonza. Ndinalemba papepala pamene aliyense wa anayiwo azipumira, n'kujambulanso, ndipo iso inayenda yosaduka. Komabe nyimbo inali yakufa. Wobweza wanga ankadziwiratu chimene wotsogolera achite, motero sankamudikira, sankamudabwa, sankalimbana naye. Ndinamvetsera kasanu ndisanavomere chimene chikusowa. Iwe pondibweza unkalowa mochedwa pang'ono, ndiponso pansi pang'ono pa noti, ngati munthu wokankha chitseko ndi phewa, ndipo ine ndinkakakamizika kukwera kuti ndikuthawe. Pamenepo ndi pamene nyimbo inkadzukira.

Ukudziwa bwino kuti chimenechi ndi chimene ndinakudzudzulira pa mwambo wokumbukira bambo patatha masiku makumi anayi chimwalirireni, pamaso pa mudzi wonse, kachasu wathu wa raki ali m'matambula, pamene ndinati ukuimba ngati ukuitana mbuzi. Unaika tambula pansi n'kutuluka. Ine ndinakwera sitima ya pamadzi m'mawa mwake ndikudziona wolungama. Ndinali ndi satifiketi ya sukulu ya nyimbo ya ku Tirana, ndipo iwe unali ndi khutu la bambo. Ndinalakwa, Spiro. Mawu amenewa sindinawalembepo kwa munthu wina aliyense, ndipo sindiwabwereza.

Nditabweza kabokosi, mayi Ornella anapempha kuti amve. Anavala mahedifoni, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwavula pang'onopang'ono.

"Ndi zoyera ngati m'chipatala," anatero. "Koma muli nokhanokha umu, a profesa. Kwanu kulibe anthu?"

Ndinamuyankha kuti alipo, koma sitilankhulana. Iye anati zimenezo sagulitsa m'sitolo mwake. Anawonjeza kuti ngati anthuwo angapezeke, ka chibowo chimodzi komweko n'kokwanira: ndiimike maikolofoni pakati, amuna azungulire, basi. Ndinaganiza usiku ndi usana, ndipo ndinakana. Maikolofoni imodzi imasakaniza onse, ndipo zosakanizazo sizilekanitsidwanso. Ndi zibowo zinayi, mbali iliyonse imasungidwa payokha. Mdzukulu wako akadzafuna kuphunzira kubweza, adzatseka mawu ako okha n'kuima pamalo pako, ine ndikumutsogolera, ngakhale nthawi imeneyo ndidzakhale wosalankhula kapena ndili m'manda. Akadzafuna kutsogolera, adzatseka anga, ndipo adzakumana ndi iwe monga ndinkakumana nawe ine. Nditamufotokozera zimenezi, mayiyo anati kwa nthawi yoyamba ndanena chinthu chanzeru m'sitolo mwake, ndipo andibwereka mamaikolofoni atatu ndi miyendo yake, bola ndisawabweze akununkha tchizi.

Pempho langa ndi ili. Undibwezere nyimbo khumi ndi imodzi zimenezi, mmene umabwezera, osasintha kanthu chifukwa cha ine. Uuze msuweni wathu Kiço kuti adzaponye, ngati mano amene anamutsalira akulola. A iso usankhe wekha amuna anayi kapena asanu. Adzaimira maikolofoni imodzi. Tidzafuna chipinda cha makoma okhuthala ndi zofunda zopachika kuti mawu asamabwerere. Chipinda chosungira mafuta cha bambo chingachite, ngati sunachigwetse. Masiku atatu akwana. Sindikupempha kuti undikhululukire tisanayambe, kapena kuti tidye pathebulo limodzi. Ukhoza kuimba utandifulatira. Maikolofoni sisamala kumene munthu wayang'ana.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, ndipo umuuze kuti mafuta a azitona amene ankanditumizira mobisa kudzera kwa azakhali ankafika. Usamukalipire. Moni kwa ana ako Arta ndi Leka, kwa adzukulu amene sindinawaonepo, kwa azakhali, kwa amalume a ku Kuç ngati akuzindikirabe anthu, ndi kwa Kiço ndi banja lake.

Tsopano imva chimene ndatsimikiza. Ndagula ka zibowo zinayi. Ndauza eni mapiyano kuti asandiyembekezere sabata lomaliza la Malichi. Ndidzatsika sitima ku Vlora pa 24, ndipo ndidzafikira kwa azakhali kuti ndisakuumirize kunditsegulira khomo. Pa 25 m'mawa ndidzaimika mamaikolofoni anayi. Ukadzabwera, tidzaimba. Ukadzapanda kubwera, ndidzajambula mbali yanga yokha, ndipo malo a wobweza ndidzawasiya opanda kanthu m'nyimbo zonse khumi ndi imodzi. Sindidzawapatsa munthu wina, ndiponso sindidzawaimba ndekha.

Ndine mkulu wako,

Vangjel Thanas Dhimaj