Vendelín Si Nkhumba ya Abambo

Brno, 14 Novembala

Okondedwa amayi,

Dzulo komiti ya madokotala yakana pempho la Vendelín loti afulidwe. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa chimwemwe chandisefukira, ine yemwe mumati mtima wanga ndi mwala. Nanga inu muli bwanji? Bondo lija likukulolani kupita kutchalitchi? Ine ndili bwino, kachimfine chabe.

Ndinapita kukamuona kuchipatala cha odwala maganizo kumene khoti linamuika. Ndinamupeza atandikwiyira chifukwa chomuletsa kufulidwa. Akuti ndine mphunzitsi wopanda sukulu, ndipo ndikanabadwa mwamuna ndikanadziwa kuti zaka zitatu m'nyumba yokhoma n'zowawa kuposa mpeni. Ndinamuyankha kuti ndikanabadwa mwamuna, ndikanayamba ndawerenga pepala ndisanasaine. Anaseka, amayi! Koyamba chilowereni mmenemo.

Kenako anaulula chimene chinamusainitsa: kalata ya abambo. Anamulembera kuti iwo afula nkhumba ndi mahatchi zaka makumi anayi, monga ankachitira agogo, kuyambira kwathu ku Bojkovice mpaka kutsidya kwa malire, ndipo sanaonepo mfule yovuta. Ndiye asaine basi, atuluke msanga.

Abambo nkhumba amazidziwa, sinditsutsa. Koma ndawerenga zonse zimene ndapeza mu laibulale imene ndimagwiramo ntchito. N'zoona kuti ofulidwa ambiri sabwereza mlandu. N'zoonanso kuti mafupa amafooka, ena amakhala okhumudwa moyo wonse, ndipo chodulidwa sichibwerera. Pali jakisoni amene nayenso amatsitsa chilakolako cha kugonana, koma akamuvuta munthu, dokotala amatha kusintha. Komiti yanena zomwezo: mankhwala ayambe ayesedwa. Komanso kusaina sikutsegula chitseko. Wotsegula ndi woweruza.

Sindikumuyeretsa mlongo wangayu. Anagwiririra Květa, ndipo Květa akukhalabe nyumba yachitatu kuchokera kwanu. Akadzatuluka adzakhala kuno kwa ine, osati kumudzi. Zimenezi muyambiretu kuzizolowera.

Pempho langa ndi limodzi. Vendelín wanena kuti abambo akapanda kusintha mawu, jakisoni amukana ndipo adzapemphanso mpeni. Ine abambo sangandimvere. Paja amati mabuku anga sanafulepo ngakhale tambala. Inu amakumverani. Akhazikeni pansi Lamlungu mukachokera ku Misa, asanalawe kachasu wawo wa mapulamu, alembe ndi dzanja lawo mizere iwiri yokha: kuti Vendelín ndi mwana wawo, osati nkhumba yawo, ndipo alandire jakisoni.

Mundiperekere moni kwa abambowo, kwa azakhali a Jindřiška ndi kwa amalume a Metoděj. Tsiku lopha nkhumba musandiiwale masoseji.

Jakisoni woyamba ndi Lachinayi likubwerali. Kalatayo ikanyamuka Lolemba, Lachitatu ndikamupatsa pamanja.

Ndine mwana wanu,
Bohdana