Mvuu Yakwera Phiri

Lamlungu, 23 Febuluwale

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu, ana ndi Bambo. Kuno ine ndi mwana tadzuka bwino. Mudabwa kuona kalata popeza timayankhulana pafoni sabata iliyonse, koma pafoni ndimangoti zonse zili bwino, inu n'kuvomera, kenaka n'kuyamba nkhani ya maso a Bambo. Miyezi iwiri yapitayi zonse sizinali bwino. Pakamwa panga mukupadziwa kulemera kwake, ndiye ndati ndilembe. Mukamawawerengera Bambo kalatayi, mukafika pa nkhani ya masamba atatu a m'buku la kuntchito mudumphe.

Ntchito yanga mumaiseka, mumati ndinakhala zaka zinayi ku yunivesite kuphunzira kusuzumira m'chitini. Simunama kwenikweni. M'mawa uliwonse, 8 koloko yeniyeni, ndimayenera kukhala pamwamba pa phiri, pa kaofesi kathu ka zanyengo. Ndimatsanulira madzi a m'choyezera mvula m'kagalasi ka mizere, kuwerenga kutentha, kuona kochokera mphepo, n'kulemba zonse m'buku. Anzathu m'malo ena amayezanso ola lomwelo, choncho munthu ukachedwa theka la ola, zimene walembazo sizigwirizananso ndi za wina aliyense. Mabuku amenewa anawayamba abwana anga, mdala wina amene tonse timangomutchula kuti a Mitambo, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi munalibe tsiku losalembedwa. Masiku ano iwo amayendera malo ambiri, ku ofesi kwathu amabwera Lachisanu lokha. M'mawa ndimakhala ndekha.

Vuto ndi ili. Geti la sukulu ya mwana amatsegula 7 koloko, ndipo sindingamusiye panja. Minibasi imanditula m'tsinde mwa phiri cha m'ma 7:25. Kukakhala kouma, anyamata a njinga zamoto amandikweza mphindi khumi basi. Koma phula limathera pa kona yachiwiri, kumtunda konseko ndi dongo lofiira, ndipo mvula ikagwa anyamatawo amangokhala pansi pa mtengo n'kumapukusa mitu. Wapansi ndi mphindi makumi asanu, nsapato zitalemera ngati njerwa.

Mwezi wathawu ndinachedwa katatu. Katatu konseko ndinakhala pa tebulo, ndinayang'ana za dzulo lake, ndinaganizira mmene kunjaku kunalili ndili m'njira, n'kulemba manambala a m'mutu ngati ndayeza 8 koloko. Ndinadziuza kuti sindinaphonye kwambiri. Mwina n'zoona sindinaphonye.

Lachisanu lina a Mitambo anatsegula bukulo n'kumalitembenuza pang'onopang'ono ndi chala chonyowetsa malovu. Manambala sanawayang'ane n'komwe.

"Mayi, masamba atatu awa ndi oyera bwanji."

Ndinati sindikumva.

"Tsiku la mvula munthu amalembera panja. Pepala limakwinyika, inki imayenderera. Onani ili, onani ili. Koma awa akuti kunagwa mvula yamphamvu, pepala lili see ngati lasitidwa."

Achimwene, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Sanakalipe. Anandipatsa rula ndi cholembera chofiira, ndinadula mizere itatu ija ndi dzanja langa, n'kulemba pambali kuti sizinayezedwe. Mipata yoyamba m'zaka zonsezo, ndipo yonse ili m'dzina langa.

"Mpata suvulaza munthu," anatero akuvala chipewa. "Koma nambala yabodza wina amangira mlatho. Mvula ino isanathe pakapezeka mpata wina, ndikutumizani kulikulu mukazisanja mafayilo. Kumeneko kulibe phiri."

Za njinga yamagetsi ndinaziganiza nditaona bambo wina wonenepa akukwera chitunda cha kumsika ali phee pachishalo ngati ali pa mpando wa m'tchalitchi. Ndiye mukundidziwa mlongo wanu. Si pachabe munanditcha Tionekaye. Masabata atatu ndinawerenga chilichonse chokhudza njingazi, mphamvu ya injini, kukula kwa batire, mabuleki, kulemera. Lamlungu lina masana ndinabwereka chida cha ku ofesi n'kuyeza phiri lonse, kutalika kwake ndi kupendekeka kwa kona iliyonse. Ndinajambula mizere papepala, njinga zisanu ndi ziwiri uku, zofunika khumi ndi ziwiri uku. Masamu anasankha kanjinga kena kowonda, kopepuka, kotuwa bwino, koti n'kukanyamula ndi dzanja limodzi. Ndinasangalala kuti kamodzi kokha m'moyo ndasankha chinthu popanda kukuimbirani foni.

Shopu yake ili kuseri kwa ogulitsa matabwa. Mwini wake ndi mayi wa ovolosi, wa mikono ngati ya wophwanya miyala, ndipo aliyense amamutchula kuti a Sipanala. Ndinawapeza akumanga masipoko, ndinawapatsa pepala langa. Analigwira ndi zala ziwiri kuopa kulidetsa, analiwerenga mpaka pansi.

"Aphunzitsi, mwalemba bwino."

"Si ine mphunzitsi."

"Nanga mumatani?"

"Ndimayeza mvula."

Anandiyang'ana, anayang'ananso pepala, kenaka anaseka mpaka kukhala pa bokosi la zida. "Mumayeza mvula. Ndiye papepala panupa mvula ili pati?"

Ndinalanda pepalalo kuti ndiwaonetse. Panalibe. Zofunika khumi ndi ziwiri, Achimwene, ndipo matope munalibe. Phiri ndinaliyeza tsiku la dzuwa, dongo litauma gwa. Chinthu chomwe chinandivutitsa, chomwe ndimachitsanulira m'kagalasi tsiku ndi tsiku, ndinachiiwala chifukwa mapepala a opanga njinga sachitchula.

A Sipanala analoza pakona. Panali chinjinga chakuda, chachifupi, matayala ake onenepa ngati ntchafu ya munthu, okhala ndi zibyolobyolo, injini ili pakati pomwe pali zopalasira. Ndinali nditachichotsa pamndandanda tsiku loyamba chifukwa cha kulemera. Komanso, ndinene zoona, ndinkachita nacho manyazi.

"Iyo timati Mvuu," anatero. "Siyokongola, koma ine sindikukwatitsani. Ndipo sindikugulitsani iliyonse lero. Njinga sasankhira pa simenti. Mundiuze tsiku limene kugwe mvula m'mawa, ndibweretsa zonse ziwiri m'tsinde mwa phiri lanulo, phiri lisankhe lokha."

Ndinati mwina chakumapeto kwa sabata, ngakhale zimatengera mphepo.

"Mwina ameneyo sindimudziwa. Ndikatseke shopu chifukwa cha mwina? Inu ndinu a mvula. Tsiku."

Ndinatuluka panja n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali. Ndinakumbukira mmene mphepo inatembenukira masiku awiri m'mbuyomo, ndi timitambo tating'onoting'ono tonga nthenga timene ndinalemba m'mawa umenewo. Ndinabwerera m'shopu.

"Lachinayi."

"Mwaonatu, sizinapweteke."

Lachitatu madzulo kumwamba kunali koyera ngati mbale yotsuka. Mwana ankandifunsa chifukwa chimene ndikutulukira pakhonde mphindi zisanu zilizonse. Ndinatsala pang'ono kuimba foni kuti tisinthe. Koma Lachinayi kutangocha mvula inayamba kugogoda pa malata, ndipo pofika nthawi yoveka mwana yunifolomu inali ikukhuthuka. Sindinasangalalepo ndi mvula ngati tsiku limenelo, mpaka ndinaiwala kuti ndi tsiku la ntchito, kuti zikakanika ndiye mpata wachinayi uja.

Minibasi inachedwa, inanditula 7:28. A Sipanala anali atafika kale ndi kagalimoto kawo kotsegula kumbuyo, atavala thumba lapulasitiki kumutu. Anyamata a njinga zamoto anali pansi pa mtengo wawo, okonzeka kuonera ulere.

"Tiyambe ndi yanu ya masamu ija," anatero, akundimanga chisoti.

Pa phula kanjinga kaja kanauluka, moti ndinayamba kukonza mawu oti ndikawauze a Sipanala. Nditangodutsa kona yachiwiri, tayala lakumbuyo linayamba kuzungulira pamalo amodzi, lakutsogolo linalowa mu mkwasa wa madzi, ndipo ndinapezeka ndagona chammbali m'dongo, chikwama chili kumutu. Kumunsi ndinamva kuseka. Ndinatsika ndikukakoka kanjingako, wotchi ikuti 7:37.

Apa ndiye ndinafooka. Ndinati basi, ndiyambepo wapansi, mwina ndikathamanga. Ndinkadziwa kuti sindingafike.

A Sipanala anagwada m'matope n'kuphwetsa pang'ono matayala onse awiri a Mvuu, akuwatsina ndi chala. "Likafewa limaponda ngati phazi, silitereranso. Tamverani. Giya yotsika. Musaimirire, kulemera kwanu kukhale kumbuyo, Mulungu anakupatsani pokhalira. Pa kona musagwire buleki. Ndipo musayang'ane tayala, muziyang'ana kumene mukupita."

"Nanga ndikagwanso?"

"Matope ake ndi omwewo, mwavala kale."

Ndinakwera. Ndi yolemeradi, poyamba inkangofuna kundigwetsera kumanzere. Koma nditangoponda chopalasira ndinamva ngati wina wagwira chishalo kumbuyo n'kukankha. Mukukumbuka mmene munkandiphunzitsira pa njinga ya Bambo, mukuthamanga pambuyo panga, ine ndikukuwa kuti musasiye? Zinali choncho. Ndinafuna kucheuka, koma ndinakumbukira lamulo la a Sipanala.

Pamene phula lathera ndinatseka mano. Matayala analowa m'dongo, anamira pang'ono, n'kugwira. Ndinamva akuluma phiri, matope akuthovukira kumsana kwanga mpaka m'khosi. Ndinadutsa pamene ndinagwera paja, chizindikiro cha thupi langa chidakalipo. Pa kona yachitatu panali lole ya njerwa itatitimira, amuna asanu akuikankha. Anasiya kukankha n'kumandiyang'ana. Mmodzi anati, "Amayiwa akwera chiyani, thalakitala?" Ine, amene ndimaopa kupempha chenje mu minibasi, ndinaliza belu kuti andipatse njira, ndipo anapatukadi.

Chigawo chomaliza ndicho choimirira kwambiri, chimene ndikamayenda wapansi ndimapumira kawiri. Miyendo inayamba kuwotcha, chifukwa musaganize kuti njingazi zimayenda zokha, umapalasa ndithu. Injini inkalira motsitsa ngati njuchi. Ndinayang'ana mlongoti wa choyezera mphepo pamwamba paja, ukukula, ukukula, mpaka ndinangoona ndili pa geti lathu. Wotchi inati 7:53.

Mphindi zisanu ndi ziwiri zija ndinaima pamvula pafupi ndi choyezera, ndikudikira kuti 8 koloko ikwane. Ndinkaseka ndekha, mwina ndinkaliranso, pamvula sizidziwika. Itakwana ndinatsanulira madzi m'kagalasi, ndinagwada kuti diso lilingane ndi mzere, n'kulemba mamilimita 47.6. Pepala linanyowa, inki inayenderera, ndipo pakona ya tsambalo panatsala chidindo cha chala changa chachikulu, chofiira ndi dongo.

Madzulo, nditapita kukalipira Mvuu, a Sipanala anandifunsa ngati ndikufunabe kuonanso pepala langa. Ndinati alisunge, akulungiremo manati.

Mawa lake a Mitambo anabwera monga mwa masiku onse. Anaiona Mvuu itatsamira khoma ikutchajidwa, anaizungulira kamodzi, anatsina tayala. Analowa, anatsegula buku, anafika pa Lachinayi. Anakhala nthawi ataliyang'ana tsamba lija, kenaka analisalaza ndi chikhatho.

"Ili ndiye tsamba," anatero. Basi. Anapempha tiyi.

Lero akwana masiku khumi ndi limodzi chiyambireni kukwera Mvuu, asanu ndi awiri a mvula, ndipo sindinachedwepo. Kumbuyo tinamangako kampando, mwana ndimamutula pa geti la sukulu anzake akuyang'ana, iye ali ndwii ngati mwana wa nduna. Anyamata a njinga zamoto ayamba kundipatsa moni, dzana mmodzi anabwera kudzafunsa za matayala. Ndinamuuza za kuphwetsa pang'ono ngati ndinabadwa ndikuzidziwa. Bondo limene ndinagwera lidakatupa, koma musawauze alamu, angayambe kunditumizira mankhwala opaka aja.

Pempho langa ndi limodzi. Jekete lachikasu la mvula limene Bambo ankavala kuntchito, ngati likadali m'sutikesi muja, munditumizire. Langa ndi lalifupi, madzi amalowa m'chiuno. Manja ake ndipinda.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija ndinasoketsa. Ana muwauze kuti azakhali awo akabwera pa tchuthi adzawakweza mmodzimmodzi, wosamvera adzatsala. Inuyo ndikuthokozeni chifukwa simunasiye chishalo tsiku lija mpaka nditakuuzani, ngakhale ndinakuuzani mochedwa.

Za Bambo, ndasintha maganizo. Ndawerenganso kalatayi kuchokera pamwamba ndipo ndime ija musaidumphe. Munthu amene anagwira sikelo ya kampani zaka zonse zija osaikapo chala ayenera kumva kuti mwana wake analemba manambala a m'mutu katatu. Muwawerengere pang'onopang'ono, mukhale mbali ya khutu lawo labwino. Akakhala chete musawafulumize. Kenaka muwawerengere za Lachinayi, ndipo nambala ija muitchule kawiri, chifukwa adzafunsa ngati ndinagwada kuti diso lilingane ndi mzere. Muwauze kuti ndinagwada.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Tionekaye